Sabata ya tintchentche mu labotale

Lolemba linali la zithunzi za pafoni, zonse funso limodzi: kantchentche aka n'kamtundu wanji? Zambiri zinkangooneka kadontho kakuda pakhoma. Kanthu ka mamilimita 2 kapena 3 sikajambulika kali moyo, choncho eni ake tidawauza kuti akakole m'kabotolo, kagone usiku umodzi m'firiji mouma madzi, kenako akagoneke papepala loyera pambali pa rula. Timafuna zithunzi zitatu: cha pamsana, cha m'mbali ndi cha phiko. Fulashi azimitse, chifukwa imawalitsa phiko n'kubisa mitsempha yake, pomwe yankho lagona m'mitsemphamo.

Zithunzi zabwino zitabwera Lachiwiri, mabanja a tintchentcheti adasiyanitsika okha. Kaubweya thupi lonse, ka mitsempha yoyenda mondondozana mpaka kunsonga ya phiko, n'ka Psychodidae, ndipo mphutsi zake zili m'zonanda za m'paipi ya sinki. Ka linunda pamsana, kokonda kuthamanga n'kumaima mwadzidzidzi m'malo mouluka, ka mitsempha yonenepa kutsogolo kwa phiko yothera chapakati, n'ka Phoridae. Ka miyendo italiitali ndi mtsempha wa mphanda ngati Y n'ka Sciaridae, kochokera m'dothi la m'miphika ya maluwa lothiriridwa mopyola muyezo. Kwa munthu wongofuna kuti tichoke m'nyumba, dzina la banja n'lokwanira, poti limamulozera poyeretsa.

Dzina la mtundu weniweni ndiye limadya nthawi. Lachitatu ndi Lachinayi adathera pa maikulosikopu, ndi tintchentche ta maso ofiira tochokera m'munda wa zipatso. Mlimi ankaopa Drosophila suzukii, ntchentche ya zipatso imene idayamba kuoneka ku California ndi ku Spain mu 2008, yomwe imaikira mazira m'chipatso chabwinobwino chisanathyoledwe, pamene anzake amadikira chiwole. Yaimuna ili ndi banga lakuda chakunsonga kwa phiko. Koma ikangotuluka kumene m'chikwa bangalo limakhala lisanade, ndipo apa ndi pomwe odalira chithunzi chokha amasokera. Timaona miyendo yakutsogolo: suzukii ili ndi tizipeso tiwiri takuda pamwendo uliwonse, pamene Drosophila melanogaster, ntchentche wamba ya zipatso zowola, ili ndi kamodzi. Yaikazi banga ilibe. Timafinya mimba yake pang'ono ndi singano kuti chiwalo choikira mazira chituluke, ndipo chikakhala chachikulu, cha mano akuda olimba, ndi yomweyo.

Lachisanu kudafika msampha wachikasu womata, wodzaza ta Phoridae. Kugwira umagwiradi, koma guluu amapinda mapiko ndi kuthothola tiubweya ta pamutu tomwe timayenera kuwerenga. Tintchentcheti tikadabwera mu ethanol (mowa wa mu labotale) wa 70 peresenti tikadazindikirika; toti tiyezedwe DNA timafunika wa 95 peresenti. Gulu la Megaselia, la m'banja la Phoridae, lili ndi mitundu yoposa 1,000, yambiri yosiyana maliseche a yaimuna okha, omwe timayamba tawaviika m'mankhwala a potassium hydroxide a 10 peresenti kuti aoneke. Pamsamphapo panalibe yaimuna yathunthu, motero lipoti lidalembedwa "Megaselia sp.", kutanthauza kuti gulu ladziwika koma mtundu weniweni ayi, ndi pempho loti atumize tina ta m'botolo.