Sabata ya maginito ndi waya ku Fomu 4

Mutu wa sabata ino ku Fomu 4 unali wa momwe magetsi amapangidwira. Lolemba ndinayamba ndi funso: magetsi a kunyumba kwanu amachokera kuti? Wina anati pa pholo, wina anati ku Luwinga, poti amaonako mawaya ndi mathiransifoma akuluakulu. Mtsikana wina wa ku Chiputula anati, "Aphunzitsi, amachokera m'mayunitsi amene amayi amagula pafoni." Mwana amayankha zimene maso ake aona, ndiye ndinaona kuti choko ndi bolodi pazokha sizithandiza.

Lachiwiri nditaweruka ndinapita kwa bambo wina wokonza njinga pafupi ndi msika waukulu kukafuna dayinamo yakale, kamakina koyatsa nyale ya njinga. Anaifukula m'katoni ya zitsulo, yadzimbiri koma yamoyo. "Tengani aphunzitsi, izi anthu anasiya, masiku ano ndi matochi otchaja," anatero, ndalama n'kukana.

Lachitatu ndiye linali tsiku lenileni. Tinakulunga waya wa kopa, wochokera mu mota ya fani yakupsa, pa kapaipi ka pulasitiki, kupanga koyilo, n'kulumikiza ku galvanometer imodzi yokhayo imene tili nayo, chipangizo cha kasingano kosonyeza ngati magetsi akuyenda. Maginito akakhala phee mkati mwa koyilo, kasingano kali duu pa ziro. Ukangowasuntha kulowa, kamathamangira kumanja, ukawatulutsa kamabwerera kumanzere. Mnyamata wina wokhala kumbuyo, amene chiyambire temu ino sanakwezepo mkono, anakana kuchokapo. Analowetsa pang'onopang'ono, kenako mwaliwiro, akuyang'anitsitsa kasingano kaja. Kenako anati, "Ndiye kuti maginito akaima magetsi kulibe?" Ndinamuuza kuti zimene wanenazo ndi zomwe Michael Faraday anapeza ku London mu 1831.

Faraday asanatulukire izi, asayansi ankadalira batire imene Alessandro Volta anapanga mu 1800, koma batire imatha. Njira ya maginito ndi waya siitha, bola pakhale chozungulitsa. Komabe panapita zaka 51 kuti Thomas Edison atsegule siteshoni ya Pearl Street ku New York mu 1882, kumene malasha ankawiritsa madzi, nthunzi n'kumazungulitsa majenereta. Titatha izi, tinamangirira dayinamo ija pa njinga n'kuigadabuza, mmodzi n'kumapukusa pedulo ndi manja, kababu n'kuyaka. Atatopa, kuwala kunachepa, kalasi yonse kukuwa kuti awonjezere mphamvu. Kenako tinatsegula dayinamoyo: mkati munali maginito ozungulira ndi koyilo, basi.

Lachinayi ndinapachika mapu a Malawi. Amene amapukusa pedulo ya dziko lino ndi mtsinje wa Shire. Pa mtsinjewu, siteshoni ya magetsi ya Nkula A inayamba mu 1966 ndi mamegawati 24, kenako kunabwera Tedzani, Nkula B ndi Kapichira. Kuno kumpoto tili ndi Wovwe ku Karonga, yaing'ono, ya mamegawati osafika 5. Ndinawalondoletsa ndi chala: mvula yogwa kuno ku Viphya imatsikira m'nyanja, madziwo amatulukira ku Mangochi kulowa mu Shire, amazungulitsa makina ku Nkula, magetsi n'kubwerera kuno pamawaya. Apa ndi pamene ndimafuna ana athu amvetse, chifukwa mitengo ikatha m'mapiri, matope amakadzaza m'madamu, ndipo namasupuni amatseka polowera madzi. Ambiri akukumbukira mdima wa mu 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130.

Mtsikana wa mayunitsi uja anandifunsa, "Nanga sola ya pa denga la agogo, chimazungulira n'chiyani?" Funso limeneli linandikondweretsa kwambiri. Pa sola palibe chozungulira, kuwala kwa dzuwa ndi kumene kumasuntha maelekitironi mu silicon, ndipo ndi momwe ikugwirira ntchito siteshoni ya mamegawati 60 ya ku Salima imene inatsegulidwa mu 2021. Belu linalira tisanamalize.

Lachisanu analemba mayeso aafupi. Funso la kujambula jenereta ambiri anakhoza, koma la thiransifoma linawavuta, ndiye tiyambira pomwepo Lolemba. Ndapemphanso ahedi kuti temu ikubwerayi tiguleko galvanometer yachiwiri, chifukwa kalasi yonse kuunjikana pa kasingano kamodzi, atsikana aafupi amatsalira kumbuyo osaona kanthu.