Agogo anga, msilikali wa Keyala amene sankakamba za nkhondo

Lamlungu lachiwiri la mwezi wa Novembala likafika, pamene akuluakulu a boma ndi a nkhondo amakayika nkhata za maluwa pa chipilala cha chikumbutso ku Zomba, ine ndimakumbukira agogo anga aamuna, obereka mayi anga, amene anatisiya ali ndi zaka 81.

Agogowo analowa usilikali wa King's African Rifles, umene kumudzi ankangoutchula kuti Keyala, akadali mnyamata wosakwatira. M'chaka cha 1944, pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, anali m'gulu la asilikali a mu Africa limene linatumizidwa ku Burma (lero Myanmar) kukalimbana ndi Ajapani, atayamba aphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon (lero Sri Lanka). Gululo linadutsa m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula, pamene malungo ndi matenda ena ankagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo, ndipo linafika ku Kalewa, m'mphepete mwa mtsinje wa Chindwin, mu Disembala chaka chomwecho.

Zonsezi ndinaziwerenga ndekha nditakula, chifukwa eni akewo sanatiuzepo. Tikawaumiriza, ankangotisimbira za misundu imene inkawamata m'miyendo ndi za mpunga umene anaudya mpaka kulakalaka nsima, kenako ankatituma kukatsekera nkhuku. Agogo aakazi ndi amene anandinong'oneza tsiku lina kuti amuna awo ankabwebweta kutulo kwa zaka zambiri atabwerako.

Chimene ankachikamba mosatopa chinali chikhulupiriro chawo. Amishonale a Lutheran Church of Central Africa, amene anayamba ntchito yawo ku Zambia mu 1953, anafika ku Blantyre mu 1963, ndipo agogo, amene nthawiyo ankagwira ntchito yaulonda m'tauni, analowa mpingowo patapita zaka zochepa. Abale awo, omwe ambiri anali a CCAP, anawadandaula kuti asiya mpingo wa makolo n'kutsata wachilendo, koma iwo sanabwerere m'mbuyo. Ine ndimaganiza kuti munthu amene anaona zimene iwo anaona, mwinanso kuchita zimene sakanatha kuzitchula pamaso pa ana, anapeza mpumulo m'chiphunzitso chakuti munthu amapulumuka mwa chisomo chokha, osati chifukwa cha ntchito zake.

Pakhomo usilikali sunawachoke. Ankadzuka tambala woyamba, nsapato zawo zinkawala ngakhale m'dzinja, ndipo madzulo ankatikhazika pamphasa n'kumatifunsa Malamulo Khumi ndi tanthauzo lake monga zilili m'Katekisimu wa Luther. Wolakwitsa sankamenyedwa, koma ankabwereza mpaka nsima itazizira, chimene kwa ife chinali chowawa kuposa chikwapu. Komabe ndi iwo omwe anagulitsa njinga yawo kuti mayi anga amalize sekondale, pa nthawi imene ambiri ankati kuphunzitsa mtsikana n'kutaya ndalama. Kandalama kamene ankalandira monga msilikali wakale kanali kochepa zedi, ndipo pa nkhani imeneyi ine ndimaona kuti amene anawatuma kunkhondo sanawachitire chilungamo.

Pa maliro awo panabuka kamkangano, ena akufuna kuti mamendulo awo aikidwe m'bokosi. Amalume anakana, ndipo mpaka lero amawasunga m'kachitini ka masikono. Ine ndinatenga Katekisimu uja, amene chikuto chake anachisoka okha ndi ulusi wakuda.