Bulangete la mdzukulu, sabata ya 11: zala zidakali ndi dzanzi

Lero ndaluka mizere 14 osapumira. Sabata yatha ndinkathera pa 9, kenako singano inkagwa pansi ine osamva n'komwe kuti yachoka m'manja. Bulangeteli lafika theka tsopano.

Chandithandiza kwambiri ndi kusintha zida. Ndasiya singano zachitsulo zopyapyala zija, ndatenga zansungwi za 6 mm, ulusinso wokhuthala komanso wowala. Ulusi wakuda sindiufunanso, chifukwa ntchito imene zala zinkagwira zokha, yomva ngati sitichi yapulumuka, pano akuigwira ndi maso. Chitsulo ndinachisiya pa chifukwa chinanso. Mankhwala a khansa ya m'matumbo amene ndinkalandira, a oxaliplatin, amadana ndi kuzizira. Masiku oyamba ndikangochoka pa diripi, kugwira chitseko cha fuliji kunali ngati kugwira waya wa magetsi, madzi ozizira ankandikanda pakhosi. Zimenezo zinatha, koma manja sanaiwale.

Ena mwa inu munandifunsa kuti vutoli limayamba bwanji. Kemo, mankhwala a khansa aja, amapita m'thupi lonse, ndipo mitundu ina imavulaza mitsempha imene imanyamula uthenga wa kukhudza, kutentha ndi ululu. Oxaliplatin ndi cisplatin amaunjikana m'timagulu ta maselo a mitsempha m'mbali mwa msana. Mitundu ina ya kemo, paclitaxel ndi vincristine, imasokoneza tinjira ta m'kati mwa mtsempha momwe mumadutsa zofunika zake. Mitsempha yaitali ndiyo imayamba kugonja, n'chifukwa chake zimayambira ku zala za kumapazi ndi za kumanja, n'kumakwera ngati munthu akuvala sokosi ndi magolovesi. Amene ali ndi shuga, kapena amene amamwa mowa kwambiri, mitsempha yawo ikhoza kukhala itafooka kale. Kafukufuku wa 2014 amene anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri anapeza kuti odwala pafupifupi 68 pa 100 alionse amakhala ndi vutoli mwezi woyamba atamaliza kemo, ndipo pafupifupi 30 amakhala nalobe pakatha miyezi 6. Ine ndili mwa 30 amenewo.

Pali chinthu chimene chimandiwawa mumtima mpaka lero. Dzanzi litayamba kukhalitsa, ndinabisa. Ndinkaopa kuti ndikanena andiimitsa mankhwala, khansa ipeza mpata. Ndinadzaulula pa ulendo wa 9 wolandira kemo, tsiku limene ndinalephera kumanga mabatani a bulawuzi pamaso pa anamwino. Adokotala sanandikalipire. Anangoti, "Mayi, mukananena kale tikanachepetsa mlingo." Anachotsa oxaliplatin, mankhwala enawo ndinapitiriza. Kuchepetsa mlingo, kuchedwetsa, kapena kusiya mankhwala amene akuvulazawo ndiyo njira imene madokotala amadalira, popeza palibe mankhwala otsimikizika oteteza mitsempha vutoli lisanayambe. Chinandiopsa n'chakuti nditasiya, dzanzi linapitiriza kukula kwa miyezi iwiri kapena itatu. Zimatero ndithu ndi mankhwala a gulu la oxaliplatin.

Usiku ndiye kunali nkhondo. Mapazi ankayaka moto, nsalu yofunda ikangokhudza chala ndinkadzuka. Panado sankaphula kanthu. Anandipatsa duloxetine, 30 mg sabata yoyamba, kenako 60 mg. Awa ndi mankhwala okhawo amene bungwe la madokotala a khansa ku America, ASCO, limalimbikitsa pa ululu umenewu, m'malangizo ake a 2014 ndi a 2020. Masiku oyamba ankandichititsa nseru ndi tulo, mkamwa mouma. Moto uja wachepa, ndikugona. Koma ndinene zoona kwa anzanga oluka: dzanzi sanalichotse. Amachepetsa ululu basi, ndipo si onse amene amawathandiza. Sasiyidwanso mwadzidzidzi, amachita kuchepetsa pang'onopang'ono mogwirizana ndi adokotala. Mnzanga wina anandiuza za mapiritsi a acetyl-L-carnitine. Ndinakana, chifukwa malangizo omwewo amaletsa kuwagwiritsa ntchito poteteza mitsempha, ataona kuti kwa ena anawonjezera vuto.

Ndisanayambe kuluka ndimaviika manja m'madzi ofunda, koma madziwo ndimayamba kuwayesa ndi chigongono, poti zala zingandinamize n'kupsa. Ndimatola mabatani patebulo limodzilimodzi kwa mphindi zisanu. Madzulo ndimayenda pang'ono, kenako n'kuyang'ana kuphazi ngati kuli bala limene sindinalimve.

Dzulo panachitika kanthu kakang'ono. Ndikuluka mzere wa 6, chala chamkombaphala chinamva mfundo mu ulusi maso asanaione. Ndinaima, ndikuisisita mfundoyo kangapo kuti nditsimikize. Ndinaimvadi, ngakhale ngati kudzera m'nsalu.

Pali sitichi imene inapulumuka mizere 20 kumbuyoku, yasiya kabowo. Sindimasula. Ndidzaisoka ndi ulusi womwewo ndikamaliza. Sabata yamawa ndiyamba mtundu wachikasu, ndipo ndikufuna kuyesa mizere 18.