Loweruka lomwe ndakwera minibasi ndi njoka m'chikwama

Panopa ndi cha m'ma 11 usiku, magetsi angobwera kumene, ndakhala pasimenti ndafunda bulangete ndikuyang'ana bokosi lapulasitiki ngati munthu amene wagula TV yatsopano. M'bokosimo muli njoka. Eya, njoka yamoyo, yanga. Mtima sunakhale m'malo mpaka pano nde bola ndilembe zalero zisanandithawe.

Nkhaniyi inayamba mu April pamene mayi wina amene timagwira naye ntchito, wakunja, anandiuza kuti kontrakiti yake ikutha ndipo akubwerera kwawo koma ali ndi chiweto chomwe sangakwere nacho ndege. Ine ndimaganiza kuti ndi galu kapena mphaka, basi akutulutsa foni kundionetsa chithunzi cha njoka ya olenji ya mawanga ofiira itadzikulunga padzanja lake ngati chibangili. Ena onse muofesi anathawira kukhitchini. Ine ndinati tumizireni pa WhatsApp kkkk. Chikondi changa pa njoka ndi chakale, kwathu ku Mitundu munkhokwe ya agogo aamuna munkakhala chakusa, kaja kabulawuni ka timizere tiwiri toyera kumutu, ndipo agogo ankatiletsa kuipha, ankati musiyeni mlonda wa chimanga changa ameneyo, makoswe amamuopa kuposa mphaka. Agogo aakazi okha ndi amene ankati akaiona chitenje m'manja liwiro.

Miyezi itatu imeneyi ndakhala ndikudzifunsa ngati ndikufunadi imeneyi kapena mtundu wina. Mnyamata wina wometa tsitsi atamva kuti ndimakonda njoka anati aise ndikupezera mwana wa nsato ku Dzalanyama, mtengo tikambirana. Ndinakana pompo. Nsato yakuno imakula kupitirira mamita anayi, pofika pamenepo imafuna chipinda chakechake ndi nkhuku kapena akalulu, komanso chikhalireni lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, milandu ina ya nyama zotetezedwa imafika zaka 30 kundende, anthu akumangidwa ndi ngaka daily pa wailesi, nde ine ndikafere ku Maula chifukwa cha chiweto? Ayi ndithu. Chakusa ndinkaifuna kwambiri koma yogwira kutchire imabwera ndi nkhupakupa ndi nyongolotsi zake, ndipo choopsa kwambiri nchoti pali kanjoka kakuda kokhala munthaka kotchedwa stiletto snake komwe anthu amakasokoneza ndi njoka zopanda ululu, mano ake amabaya cham'mbali, olo ukagwire kukhosi kamakulasa chala. Ine si katswiri woti ndizikatola njoka m'madimba. Ball python ija yodzikulunga ngati mpira, yochokera ku Ghana, Togo ndi Benin, ndiyofatsa zedi koma imatha kunyanyala chakudya kwa miyezi ingapo popanda chifukwa chooneka, ndipo imafuna chinyezi chambiri, pamene Lilongwe kuyambira June mpaka October ndi fumbi lokhalokha milomo kusweka. Munthu woyamba kumene ngati ine ndingadwale BP.

Nde inatsala yomweyi ya mayi uja, corn snake, kwawo kwenikweni ndi kum'mwera chakum'mawa kwa America, madera a Florida ndi Georgia uko. Ilibe ululu, mbewa imachita kuikulunga nkuifinya. Amati dzinalo linabwera chifukwa inkapezeka pafupi ndi nkhokwe za chimanga ikusaka mbewa, nde mwachidule ndi chakusa wa ku America basi. Yangayi inabadwira m'manja mwa oweta, ili ndi zaka zitatu, kutalika ngati mita ndi pang'ono, siidzapitirira kwambiri mita ndi hafu. Chomwe chinandikhalitsa chete ndi zaka. Zimakhala zaka 15 mpaka 20. Ine ndili ndi 29. Ndikadzakwatira idzakhalapo, ana akadzalemba Standard 8 idzakhalapobe. Mkazi amene adzavomere zimenezi ndiye adzakhale wanga weniweni.

M'mawa ndinadzuka 6 ndi kuzizira kwa July kuja koti madzi osamba umachita kukambirana nawo. Ndinapita ku Old Town, cha ku Malangalanga, kukagula bokosi lalikulu lapulasitiki lija anthu amasungiramo zovala, lokhala ndi zotsekera zokoloweka m'mbali. Wogulitsa anati bwana tengani ili lotchipali, ine ndikungoyesa chivundikiro, kukoka, kukankha, mpaka anandifunsa kuti kodi mukufuna kusungamo ndalama? Sakudziwa kuti njoka imeneyi mbiri yake yaikulu ndi kuthawa, pomwe mutu walowa thupi lonse limadutsa. Kunyumba ndinatenthetsa msomali pambaula nkuboola timabowo tampweya m'mbali, ting'onoting'ono. Pansi ndinayala manyuzipepala akale. Ndinaganizapo zokatenga utuchi kwa akalipentala a ku Mchesi poti amangotaya, koma utuchi wa paini ndi sida uli ndi mafuta afungo lija amene amapweteka mapapo a njoka, komanso sungadziwe kuti munalowa vanishi kapena ayi. Nyuzipepala siyokongola koma ikaipitsa umaona nthawi yomweyo nkuchotsa. Pobisala ndinaika mapale awiri a mphika wadothi, lina mbali yofunda lina mbali yozizira, kenako kambale kolemera kamadzi koti isakagubuduze.

Cha m'ma 1 ndinafika ku Area 43. Mayi uja anali atapakira kale makatoni, maso ofiira, ndinaona kuti akusiya m'bale wake ndithu. Anandipatsa mapepala a njokayo, kamphasa kamagetsi kofunditsa pamodzi ndi thermostat yake yoyang'anira kutentha, kopanira kakatali, ndi chigubu cha ayisikilimu. M'chigubumo munali mbewa zoyera zisanu ndi imodzi zouma gwa ndi ayisi. Anandionetsa kanyamulidwe, osaigwira kukhosi ngati mbava, osaidzidzimutsa kuchokera pamwamba chifukwa imayesa kabawi, kungolowetsa dzanja pansi pa mimba nkuisiya iziyenda m'zala. Nditaigwira koyamba ndinadabwa, si yonyowa ayi ngati mmene anthu amaganizira, ndi youma, yosalala ngati lamba watsopano, yozizirira, ndipo umamva minofu ikugwira ntchito pansi pa khungu. Anaiika mupilokesi, kumanga mfundo, ine nkuika m'chikwama changa chakumsana.

Apa nde pomwe panali nkhani. Ndalama ya takisi ndinali nditamalizira pabokosi, nde minibasi basi. Ndinayenda wapansi mpaka pa M1 nkukwera ya 25. Kondakitala atangondiona anati big man chikwamacho tiponye kumbuyo anthu akhale bwino, ine ndinati ayi muli laputopu, anati aaa laputopu yanji yofewa choncho, atachigwira kale ndi dzanja! Mtima unasiya kugunda. Ndinakhala pakati pa amayi ena onyamula mwana ndi abambo a jekete la suti atagwira Baibulo, chikwama pamiyendo, ndipo titangoyenda pang'ono ndinamva chinthu chikusuntha pang'onopang'ono pantchafu. Mwana uja akuseweretsa zipi. Ndinangoti iwe nana usagwire muli mankhwala, mayi ake nkumukoka. Kuchokera pamenepo mpaka Kanengo ndinatuluka thukuta mu July muno, chifukwa ndimaganiza kuti chikwamachi chikangotseguka palibe amene andifunse kuti ndi mtundu wanji, ili ndi ululu kapena ayi. Mnyamata wovala bwino ali ndi njoka m'chikwama, kuno tanthauzo lake ndi limodzi, wokhwima, njoka yosanza ndalama. Lamulo lija la ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma gulu la anthu likakwiya pasiteji silitsegula buku la malamulo, limatola miyala. Ndinatsikira siteji imodzi isanakwane yanga nkumaliza wapansi.

Nditaitulutsa mupilokesi inazungulira bokosi lonse kawiri, lilime lende lende, kuyesa ngodya iliyonse ndi mphuno, kenako inalowa pansi pa phale nkuzimiririka. Basi. Ndi mmene zilili, chiweto chimenechi sichikulandira pakhomo, sichigwedeza mchira, nthawi zambiri ukuweta phale. Ndaitcha Chimanga.

Kamphasa kaja ndinakaika pansi pa bokosi kunja kwake, mbali imodzi yokha, gawo limodzi mwa magawo atatu, thermostat pa 30, kuti mbali inayo izikhala cha m'ma 23 kapena 24. Njoka sipanga kutentha kwa m'thupi yokha ngati ife, nde imasamuka yokha kufuna pofunda kapena pozizira, ukafunditsa bokosi lonse waiphika. Ndangomaliza kulumikiza, kagetsi kofiira kayaka bwinobwino, 5 koloko magetsi phethi. Mxii. Usiku wa July kuno kumatsika mpaka pansi pa 10, nde ndinakoleza mbaula panja, kuwiritsa madzi, kuthira m'botolo, kukulunga ndi thaulo nkuligoneka kunja kwa bokosi mbali yofunda ija. Mwayi wake mtundu umenewu umapirira kuzizira, kwawo nyengo yozizira zimangogona osadya, choopsa ndi kuzizidwa ili ndi chakudya m'mimba chifukwa chimalephera kugayika nkusanza. Nde sabata yoyambayi sindiipatsa kanthu, olo kuigwira, izolowere kaye. Koma ndaona kuti kabatire ndi ka inverter ndikofunika mwezi ukatha.

Za chakudya ndi zomwe zikundisowetsa tulo kuposa zonse. Yaikulu chonchi imadya mbewa imodzi pa masiku 10 mpaka 14, nde zisanu ndi imodzi zija zindifikitsa cha mu September kapena October, ngati firiji siisungunuka ndi kuthimathima kwa magetsiku. Mnzanga wina anaseka pafoni kuti aise dziko lonse lino ladzaza mbewa, pita pamsewu wa ku Dedza ukagule ndodo imodzi. Zapandodozo ndi zowiritsa, zothira mchere, zowamba, ndiwo zathu zimenezo osati za njoka, iyo imafuna yaiwisi yathunthu ndi ubweya, mafupa ndi zam'kati zomwe. Makoswe am'nyumba nawonso ayi, mulokeshoni muno aliyense amathira tameki, khoswe wodya poizoni akhoza kundiphera Chimanga tsiku limodzi. Yamoyo siyofunikanso kuiponyamo, mbewa ikapanikizika imaluma ndipo njoka zambiri zoweta zimavulala choncho. Nde njira ndi imodzi, ndiyambe kuweta mbewa zoyera ndekha. Mwana wa ku Mitundu, wokumba mbewa ndi khasu ali mwana, lero azigulira mbewa gaga ndi kuzitchingira mphepo. Agogo akanakhala moyo akanaseka mpaka kutsokomola.

Cha m'ma 7 mumdima momwemo kunabwera mchemwali wanga wamng'ono, amaphunzira zaunamwino ndipo Loweruka amakonda kudzagona kuno. Anatsegula kafiriji kufuna kuikamo nsomba, anaona chigubu, anati eee achimwene lero mwalemera mpaka ayisikilimu, ndisanayankhe watsegula kale ndi tochi ya foni. Kukuwa kwake! Amayi landilodi anatulukira pazenera, kwagwanji uko ana inu, ine nkuti palibe amayi, waona khoswe. Bodza lake linali la hafu. Nditatseka chitseko ndinamuuza zonse. Anakhala pampando miyendo atakweza m'mwamba, nkundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati achimwene ndiuzeni zoona, mwapita kwa sing'anga? Zinandipweteka pang'ono, mwana amene ndamulipirira fizi ndi salale yomwe amaidziwa. Ndinati ikanakhala yosanza ndalama bwenzi ndikukhala mu boys quarter ya lendi, ndikuwiritsa madzi pambaula?

Ndinayesa kumukumbutsa kuti makolo athu omwewa sankaona njoka ngati satana nthawi zonse, ku Msinja konkuno kwa Makewana njoka Thunga inali ya pakachisi wa mvula, yolemekezeka. Anati zimenezo mukawauze amayi a Mvano mukaone. Koma poti ndi wa zachipatala mafunso anayamba kubwera okha. Ikaluma? Ndinati timano take ndi ngati minga ting'onoting'ono, umangotsuka ndi sopo. Matenda? Apo anandiposa, anati zokwawa zambiri zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba totchedwa salmonella, nde muzisamba m'manja mukaigwira, mbale yake isayandikire mbale zathu, ndipo mbewazo zichoke mufiriji yomwe ndimaikamo nsomba zanga. Pamenepo ndinagonja, ali ndi mfundo.

Kenako Chimanga anatulutsa mutu pansi pa phale, poti zimakonda kuyenda kukada. Mchemwali wanga anaunika chapatali, nkufunsa kuti bwanji ikundiyang'anitsitsa osaphethira. Ndinati ilibe zikope, diso lili ndi kagalasi kake, ndipo ikatsala pang'ono kufundula masowo amachita mbuu ngati mkaka kwa masiku angapo, kenako khungu lonse limavuka ngati sokosi pamodzi ndi timagalasito. Lilimelo sikuti ikufuna kuluma, ikununkhiza. Anasendera pafupi pang'ono. Anati mtundu wake wokha ndi wokongola ngati chitenje, koma anawonjezera msanga kuti sikuti ndaikonda ayi.

Wagona kuchipinda atatseka chitseko ndi kutsekera thaulo pansi pake, ine ndili pabalaza pano. Pachivundikiro ndasanjikapo njerwa ziwiri pamwamba pa zotsekera zija, chifukwa ikangotuluka nkukalowa kwa a landilodi, ine ndi katundu wanga tigona pamsewu, iyo ndiye aiphwanya mutu isanafike ndi pakhonde pomwe. Thermostat ikuonetsa 27, ikukwera. Ndayang'ana foni pompano ndapeza ma missed call atatu a amayi kumudzi, yomaliza 9:40, nthawi yoti iwo amakhala atagona kalekale. Ndiye kuti mwana uyu wanena kale. Ndiwaimbira mawa akaweruka ku tchalitchi, ndiyambira nkhani ya chakusa wa munkhokwe ya agogo.