Ndinachira TB koma befu sanathe: mmene ndinayezetsera mphamvu ya mapapo anga

Mankhwala a chifuwa chachikulu ndinamwa onse, miyezi 6 yathunthu, ndipo makhololo omaliza anatuluka opanda kachilombo. M'kabuku kanga ka kuchipatala analembamo kuti ndachira. Koma patapita miyezi ndinkalepherabe kukwera chitunda cha kwathu ku Bangwe nditasenza beseni la mandasi. Ndinkaima pakati panjira, m'chifuwa mukulira tswii, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatsokomola makhololo ambiri. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti tilipo ambiri otere, ndipo ambirife timangoti ndi mmene zimakhalira ukadwalapo TB. Pali njira yodziwira chimene chatsala m'chifuwamo, ndipo ine ndinayendamo.

Choyamba ndinabwerera kuchipatala chaching'ono komwe ndinkalandirira mankhwala, nditatenga kabuku ndi khadi langa la TB. Khadilo musalitaye ngakhale mwachira, chifukwa ndi lomwe limauza dokotala kuti munayamba liti, munamwa mankhwala ati, ndipo munamaliza bwanji. Anayamba ndi kufufuza ngati TB yabwerera, ndipo pamenepo analondola, chifukwa amene anadwalapo amatha kudwalanso mosavuta kuposa amene sanadwalepo. Anandifunsa ngati ndikutuluka thukuta usiku, kutentha thupi, kuonda kapena kulavula magazi. Zonsezi ndinalibe. Anandipima sikelo, ndinapereka makhololo, kenako ananditumiza kukajambulitsa X-ray.

Apa pali chinthu chofunika kuchidziwa. Makina oyezera makhololo otchedwa GeneXpert amafufuza chibadwa cha kachilombo, ndipo amatha kuchipeza ngakhale kachilomboko kanafa kale ndi mankhwala. X-ray nayo imaonetsa zipsera zakale zomwe zimafanana ndi TB yatsopano. Ndiye munthu wochira akhoza kuyambitsidwanso mankhwala a miyezi 6 pomwe vuto lake lili kwina. N'chifukwa chake muyenera kunena momveka kuti munadwalapo, ndipo ngati chithunzi chakale cha X-ray muli nacho, pitani nacho akafanizire. Kwa ine makhololo anatuluka bwino. Adokotala anaika chithunzi pawindo n'kundilozera mizere yoyera kumtunda kwa papo lakumanja.

"Mayi, kachilombo kanapita, koma kanasiya zipsera. Tikufuna tione mmene mpweya ukudutsira."

Anandilembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu, kukliniki ya matenda a m'chifuwa, chifukwa makina oyezera mphamvu ya mapapo, omwe amati spirometer, sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono zambiri. Kumeneko anandipatsa tsiku n'kundiuza kuti ndisadye kwambiri ndisanabwere, ndisavale zothina, ndipo ngati ndili ndi inhela ndisapope m'mawa wa tsikulo. Munthu amene akulavula magazi kapena amene TB yake ikadali yopatsirana samuyeza kaye. Amayi anzanga, pitani kuchimbudzi musanalowe, ndipo mumasuleko chitenje m'chiuno. Kuuzira kwake ndi kwa mphamvu moti mkodzo umatha kudontha, ndipo anamwino amazidziwa zimenezi, palibe chochititsa manyazi.

Anayamba ndi kundiyeza kutalika nditavula nsapato, n'kulemba zaka zanga, chifukwa makinawo amafanizira mpweya wako ndi wa munthu wathanzi wa msinkhu ndi zaka ngati zako. Anandipana chala ndi kachipangizo koyezera okosijeni m'magazi. Kenako ndinakhala pampando, msana chilili, kachopanira pamphuno, kapaipi katsopano mkamwa, milomo itakagwira kuti mpweya usathawire m'mbali. Umakoka mpweya mpaka m'chifuwa mutadzaza, ndiye umauzira mwadzidzidzi ndi mphamvu zako zonse, osasiya.

"Uzirani, amayi! Pitirizani, pitirizani, musasiye, mpweya ukadalimo!"

Anamwinowo ankachita kuomba m'manja. Iwe umaona ngati watha, koma amafuna upitirize masekondi 6 kapena kuposa. Mutu unkachita chizungulire, misozi ikutuluka, chifuwa chikundidula pakati, ndiye tinkapuma n'kuyambiranso. Makinawo amafuna maulendo atatu abwino ofanana, ndiye musakhumudwe akakubwezani. Zitatha anandipopera salbutamol, mankhwala otsegula njira za mpweya, kanayi kudzera m'kabotolo, ndinadikira panja mphindi 15, n'kubwereza zonse zija.

Pepala la zotsatira lili ndi manambala ambiri, koma ofunika ndi awiri. FVC ndi mpweya wonse umene watulutsa. FEV1 ndi umene watuluka m'sekondi yoyamba yokha. Amagawa FEV1 ndi FVC, ndipo yankho likakhala pansi pa 0.7 ngakhale utapopa mankhwala, ndiye kuti njira za mpweya zinapanikizika ndipo sizikutseguka mokwanira. Langa linali pansi pa 0.7, ndipo salbutamol anangosinthako pang'ono. Apa m'pomwe vuto ngati langali limasiyanirana ndi mphumu, chifukwa wa mphumu akapopa, kawirikawiri nambala imakwera kwambiri. Amaonanso FEV1 yako poyerekeza ndi ya munthu wathanzi: kuyambira 80 pa 100 kupita m'mwamba vuto ndi laling'ono, 50 mpaka 79 ndi lapakati, 30 mpaka 49 ndi lalikulu, pansi pa 30 ndi lalikulu kwambiri. Ine ndinagwera pa lapakati.

Adokotala anati dzina lake ndi COPD, matenda okhalitsa opanikiza njira za mpweya omwe kawirikawiri amagwira osuta, ndipo ndinadabwa chifukwa fodya sindinamulawepo. Anandifotokozera kuti TB ikamapola, zipsera zimakoka timachubu ta mpweya, tina timachepa, tina timakula n'kumasunga makhololo. Zili ngati paipi ya madzi yomwe yapondedwa ndi galimoto: madzi amadutsabe, koma mochepa. Anthu ena TB imawasiyira vuto lina, mapapo kuuma n'kumalephera kufutukuka, ndipo makina omwewo amathandiza kusiyanitsa. Ofufuza a bungwe la zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome anatsatira anthu opitirira 400 amene anamaliza mankhwala a TB kuno ku Blantyre, ndipo zotsatira zomwe anatulutsa mu 2020 zinaonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse mapapo ake sankagwira bwino ntchito pa makina amenewa. Zimandiwawa kuti anthu ochuluka chonchi timatsanzikana ndi chipatala pa tsiku la piritsi lomaliza, pomwe m'chifuwa nkhani isanathe.

Zipsera sizichoka, ndipo adokotala anandiuza zimenezi mosabisa. Chimene tingathe ndi kuteteza mbali yotsalayo. Anandipatsa inhela ya salbutamol n'kundiphunzitsa kupopera m'botolo la pulasitiki la 500 ml loboola kunsi, kuti mankhwala azifika m'mapapo m'malo mothera pakhosi. Za inhela ya mtundu wina, ya mankhwala a steroid, anati si ya aliyense, chifukwa kwa ena imawonjezera chiopsezo cha chibayo ngakhale TB yomwe, choncho musamangogula kufamase chifukwa mnzanu zinamuthandiza. A fizio anandiphunzitsa kukoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono milomo nditaisongola, komanso kuchotsa makhololo m'mawa pouzira "haa" kukamwa kuli yasa, m'malo motsokomola mpaka nthiti kuwawa. Anandiuzanso kuti ndiziyenda tsiku lililonse. Befu amachititsa mantha n'kukukhazika pansi, koma ukakhala minofu imafooka ndipo befuyo amakula.

Chovuta kwambiri chinali utsi. Mandasi ndiwo amalipirira ana anga sukulu, ndipo ndinkawakazingira m'kakhitchini kopanda windo, pa mafuwa atatu, mbandakucha. Kusiya sindikanatha. Bambo a kunyumba anandimangira chisakasa panja, ndinagula chitetezo mbaula, nkhuni ndimaziyanika ziume bwino, ndipo mapepala a pulasitiki sindikolezeranso moto. Ndimakhala mbali yomwe mphepo ikuchokera. Amene mumasuta, kaya ndudu kaya chingambwe, dziwani kuti papo la zipsera silingapirire fodya, ndipo amene muli pa ma ARV musadumphitse.

Adokotala anandiuzanso nthawi yoti ndisadikire tsiku la kliniki: makhololo akachuluka kapena kusanduka achikasu kapena obiriwira, befu akakula kuposa masiku onse, thupi likatentha, kapena ndikayamba kuonda. Magazi akaoneka, ngakhale pang'ono, ndi kupita tsiku lomwelo, chifukwa m'mabowo amene TB imasiya nthawi zina mumamera nkhungu yomwe imatulutsa magazi. Pepala la spirometry ndinalijambula pafoni, lenilenilo ndinalimata m'kabuku pamodzi ndi khadi la TB, chifukwa akadzandiyezanso adzafuna kuona ngati FEV1 yatsika kapena yaima pomwepo.