Mmene ndimayezera INR kunyumba pomwa warfarin

Warfarin ndi mankhwala oletsa magazi kuundana msanga. Akachepa m'thupi magazi amaundana m'mitsempha, akachuluka munthu amataya magazi osaleka. Nambala ya INR, yosonyeza kuchedwa kwa magazi kuundana, ndi imene imandiuza pamene ndili. Ambiri dokotala amawaikira 2.0 mpaka 3.0, ena amene ali ndi vavu yachitsulo mumtima 2.5 mpaka 3.5. Tsatirani malire amene anakulemberani inuyo, osati a mnzanu.

Ndimayezera kamakina ka CoaguChek XS. Ndikatsegula bokosi latsopano la timapepala toyezera, ndimayamba ndaona ngati nambala ya kachipu kobwera m'bokosimo, kolowetsa m'makina, ikufanana ndi ya pabotolo. Ndimasamba m'manja ndi madzi ofunda, kupukuta mpaka kuumiratu, n'kulendeweretsa mkono pansi kuti magazi atsikire ku zala. Ndikatulutsa kapepala, botolo ndimatseka pompo, chifukwa chinyezi chimawononga totsalato. Ndikakalowetsa m'makina, makinawo amatenthetsa kapepalako, kenako amalira n'kuyamba kuwerenga masekondi 180. Ndimabaya akalira, chakumbali kwa nsonga ya chala.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Dontho loyamba lomwelo lifike pakapepala pasanathe masekondi 15. Mukachedwa, magazi amakhala atayamba kale kuundana. Chala musachifinye mwamphamvu, madzi a m'mnofu angasakanikirane ndi magazi nambala n'kunama. Dontho likachepa musawonjezere lina: kapepala katsopano, chala china. Pakatha pafupifupi mphindi imodzi nambala imaoneka.

Ndimalemba tsiku, INR ndi mlingo wa warfarin m'buku, n'kudziwitsa achipatala. Mlingo sindisintha ndekha, ndipo akandisinthira sindithamangira kuyeza mawa lake, popeza kusinthako kumaoneka pakapita masiku 2 kapena 3.

Nambala ikasuntha ndimafufuza chasintha. Mankhwala a Bactrim, Flagyl ndi fluconazole amaikweza. Rifampicin, wa m'mankhwala a TB, amaitsitsa kwambiri. Mowa wambiri ndi kutsegula m'mimba zimasokonezanso. Bonongwe, nkhwani ndi mpiru zili ndi vitamini K amene amafooketsa warfarin. Komatu musasiye masamba; chofunika n'kudya mofanana sabata ndi sabata. Brufen ndi aspirin ndimapewa ngati dokotala sanalembe, chifukwa zimawonjezera kutaya magazi ngakhale INR ili bwinobwino.

INR ikapitirira 5 ndimabwereza kuyeza n'kuimbira kuchipatala tsiku lomwelo. Koma pakakhala chimbudzi chakuda bii, magazi mumkodzo, kamfuno wopitirira mphindi 10, mutu wowawa koopsa kapena kumenyetsa mutu, pitani kuchipatala osayamba mwafuna makina. Miyezi 6 iliyonse ndimapita nako kamakinako kuti akayerekeze nambala yake ndi ya magazi a pamtsempha.