Lipoti la ulendo wa ku Nsanje: masilinda anayi ndi ng'ombe ziwiri

Chibwerereni ku Nsanje nkhani ya ulendo wathu yakhala ikunenepa tsiku ndi tsiku. Ena akuti ng'ombe zinali zisanu ndi imodzi, ena akuti a Tcheya analumbira kuti sadzakweranso Toyota, ndipo dzana pa msika wa Nchalo mayi wina wa tomato anandipepesa poti anamva kuti galimoto yathu ina inamira mu Shire. Ndiye monga mlembi wa gulu lathu la eni magalimoto a ku Nchalo ndalemba zomwe ndinaona ndi maso anga, kuti inu amene munatsala musamangodalira a Makaniko, omwe nkhani ikadutsa pakamwa pawo imatuluka ndi matayala owonjezera.

Tinapangana kunyamuka 5 koloko m'mawa kuti tikadutse pa Ngabu dzuwa lisanakwiye. Tinanyamuka 7 itadutsa kale. Wotichedwetsa sindimutchula, koma ndi yemwe uja amatilipiritsa chindapusa tikachedwa ku msonkhano. Patsogolo panali Land Cruiser ya Madala, ija ya injini ya 1HZ yomwe inali ambulansi asanaigule pa okushoni. Kenako Hilux ya injini ya 5L ya a Makaniko itasenza mbuzi ya mphatso, zigubu za madzi ndi bokosi la masipanala, Sienta ya Aphunzitsi, Probox ya mnyamata wathu wa masipeya, ndipo kumapeto dabulo kabu yatsopano ya Alamu, mapulasitiki akadali m'mipando. Mtundu wake tinagwirizana kuti tisaulembe, chifukwa pa zomwe zinachitika galimotoyo ilibe mlandu.

Pa Ngabu tinaima kuti tidye kanyenya. October wa pa Ngabu mukumudziwa: mphepo yolowa pa windo imawawula kumaso, ndipo kachitsulo ka lamba wa pampando sungakagwire ndi dzanja. Tili pamthunzi wa nimu, mnyamata wa masipeya anapatsa Madala foni kuti aone Land Cruiser 70 yomwe Toyota inaikonzanso mu 2023. Poyamba anamwetulira, chifukwa nyali zakutsogolo zinabwerera kukhala zozungulira monga zinalili galimotoyi itangotuluka mu 1984. Kumwetulirako kunazima atamva zomwe zili pansi pa boneti: malita 2.8, masilinda anayi, giya ya otomatiki.

"Iwe mwana, usandiseweretse," anatero Madala, nyama ili m'manja. "Land Cruiser ya masilinda anayi? Nanga yasiyana pati ndi Hilux?"

Pa injini sinasiyanedi. Injini imeneyo, yotchedwa 1GD, ndi yomweyo ili mu Hilux ndi Fortuner za masiku ano. V8, injini ya masilinda 8 ndi malita 4.5 imene inalowa mu 70 mu 2007, Toyota inayamba kale kutsanzikana nayo, monganso inachitira ndi Land Cruiser yaikulu ija pomwe 300 inatuluka mu 2021 ili ndi V6. Mnyamata wa masipeya anayesa kuteteza ndi manambala, kuti ya masilinda anayiyo ikakhala ya otomatiki imakoka ndi mphamvu ya 500 Nm pamene V8 imalekera pa 430. Madala anati sanaonepo nambala ikukwera chitunda cha Thabwa itasenza matumba a chimanga. Aphunzitsi anafotokoza kuti ndi malamulo a utsi a maiko olemera amene akuchepetsa mainjini, Madala n'kufunsa kuti utsi wa ku Europe ukugwirizana bwanji ndi msewu wa ku Makhanga. Mawu anakwera mpaka wootcha nyama anasiya kutembenuza n'kumamvetsera.

Amene analankhula zanzeru ndi a Makaniko, ndipo ndikulemba izi ndikudziwa kuti azindikumbutsa chaka chonse. Iwo anati kuwerenga masilinda n'kutaya nthawi, nkhani ili pa pampu. 1HZ ili ndi masilinda 6, malita 4.2, ilibe tebo, ilibe kompyuta. M'masiku a kusowa kwa mafuta idamwa dizilo wa m'zigubu n'kungotsokomola pang'ono, ndipo ikavuta amaitsegula pansi pa mtengo ndi sipanala 10, 12 ndi 14. Koma injini zamakono za dizilo zotchedwa common rail zimapopa mafuta mwamphamvu kwambiri moti kafumbi kapena kadontho ka madzi kamapha mainjekita, ndipo kuti udziwe chavuta mpaka ulumikize kompyuta. "Ndiye Madala," anatero, "V8 mukuiliriyo nayonso ndi common rail. Maliro enieni anachitika kale, inu simunabwere." Ine ndinayang'ana onse amene ankalira V8, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagulapo ngakhale fyuluta yake.

Titadutsa Sorgin, Alamu anapempha kuti tipatukeko pang'ono mumsewu wafumbi wolowera ku Mwabvi, ati galimoto yawo ilawe dothi. Izi sizinali pa pulogalamu, ndipo Mayi Msungichuma anakana, koma anagonja pa mavoti. Tinafika pa mtsinje wouma, mchenga wokhawokha, amayi atakumba zitsime pakati pake akutunga madzi. Madala anatsika, anakhoma mahabu kuti matayala akutsogolo nawonso azikoka, analowetsa giya yaing'ono n'kuoloka pang'onopang'ono osataya ngakhale dontho la thobwa lomwe linali m'kapu. A Makaniko anayamba achotsa mpweya m'matayala, nawonso anaoloka. Sienta ndi Probox zinadziwa malire ake n'kutsala kutsidya. Tinauza Alamu kuti aphwetseko matayala. Anatsitsa galasi pang'ono, kamphepo kozizira kakutuluka, n'kunena kuti, "Achimwene, izi ndi zakale. Galimoto iyi imaganiza yokha."

Inaganizadi, koma mwini wake anailowetsa mumchenga ili pa 2H, pomwe amakoka ndi matayala akumbuyo okha. Pakati penipeni inaima. Alamu anaponda moto, matayala akumbuyo anakumba, anapondanso, mpaka difu inakhala pansi. Apa m'pamene anakumbukira kabatani ka 4x4, ndipo buku la galimotoyo tinalipeza m'kabati likadali m'pulasitiki wake. Lamba wokokera wa gulu, amene tinasonkherana chaka chatha, anali atatsala ku Nchalo pakhomo pa munthu yemwe uja wa chindapusa. Chingwe chokha chimene chinalipo ndi chomwe tinamangira mbuzi. Tinachimasula, tinachipinda kawiri, Madala anakoka, chinaduka nthawi yomweyo. Pocheuka, mbuzi inali italumpha mu Hilux ikuloza kutchire, Aphunzitsi ali pambuyo pake ndi nsapato zawo za kutchalitchi.

Tikukumba ndi khasu lobwereka kwa amayi aja, panafika kamnyamata ndi ngolo yodzaza zigubu. Kanatiyang'ana nthawi yaitali, kenako kanamasula ng'ombe zake ziwiri ndi tcheni popanda wokapempha. Ng'ombe zinali ziwiri, lembani zimenezo. Tinayala masamba a mgwalangwa kutsogolo kwa matayala, a Makaniko anachotsa mpweya, anazimitsa traction control, kachipangizo koletsa matayala kuzungulira pachabe, n'kuika pa 4L, giya yaing'ono yokoka ndi matayala onse anayi. Alamu atangoliza injini, mwana uja anati, "Atsibweni, musapondenso mwamphamvu, mukuziopseza ng'ombe." Anaponda mwaulemu, ng'ombe zinakoka, galimoto inatuluka, amayi a pachitsime n'kuimba nthungululu. Kunena chilungamo, pa zonse zimene a Makaniko anali atachita ikanatuluka yokha, ng'ombe zinangodzatenga ulemerero. Koma Alamu musawauze zimenezi. Ndalama yomwe tinapatsa mwanayo Mayi Msungichuma anailemba m'buku kuti "mafuta a ng'ombe," ndipo akuti ibwezedwa ndi mwini galimoto. Mbuzi inagwidwa ndi ana a m'mudzimo. Aphunzitsi anabwera ndi minga yokha.

Pa Bangula, Phokera ndi Tengani tinangodutsa, aliyense ali chete ndi ludzu. Anzathu a ku Nsanje, madalaivala ndi amakaniko a pa boma, anali atatidikira kuyambira masana, koma sanatidandaulire. Anangotithirira madzi m'manja. Kunali nsima ya mapira ndi ya chimanga, mlamba wowamba wophikidwa ndi tomato mpaka msuzi kugwirana, makakana okazinga ouma bwino moti umatafuna ndi minga yomwe, nkhwani zotendera, mpunga, nyama ya mbuzi, ndi madzi a malambe ozizira amene amayi anawasunga m'ndowa ya ayisi. Madala, amene kunyumba amati adokotala anawaletsa mchere, anapempha mutu wa mlamba wachiwiri. Mnyamata wa masipeya anafunsa ngati wophika makakanawo ali pabanja, ndipo anayankhidwa ndi mwamuna wake, yemwe anakhala naye mpando umodzi. Mbuzi yathu itaperekedwa, mkulu wawo anaiyang'ana n'kufunsa kuti yaonda bwanji chonchi. Tinamuuza kuti yachita masewera olimbitsa thupi m'njira.

M'mawa mwake tinakhala pa maphunziro monga mwa pulogalamu. Anationetsa buku la thumba lawo la masipeya, momwe membala amabwereka galimoto ikafa n'kubweza mwezi ndi mwezi. Tinakambirana zoyendetsa mosamala pakati pa njinga za kabaza, za chithandizo choyamba pangozi, ndi zosaoloka madzi osefukira, pokumbukira zomwe namondwe Freddy anatichita mu March 2023. Makaniko wawo wachinyamata anatiphunzitsa za magalimoto a hybrid, oyendera mafuta ndi batire pamodzi: mawaya a mtundu wa lalanje ndi a magetsi amphamvu, osawagwira mwachisawawa, ndipo kafani koziziritsa batire kamatsekeka ndi fumbi, choncho kamafuna kutsukidwa kawirikawiri kuno kotentha. Komiti idzabweretsa mfundozi ku msonkhano.

Madzulo anatitengera ku doko lija a Bingu wa Mutharika anatsegula mu 2010. Tinakhala pa simenti tikuyang'ana mabwato a asodzi ndi tsidya la Mozambique, ndipo mlandu wa pa Ngabu unadzukanso, tsopano ndi oweruza atsopano. Unayambira pa magetsi. Aphunzitsi anati Toyota ikuchedwa, anzake a ku China athamanga kale ndi magalimoto a batire, iyo ikugwira uku hybrid, uku hydrogen, uku dizilo, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Mnyamata wa masipeya anakumbutsa kuti Akio Toyoda, wapampando wa kampaniyo, ananena mu January 2024 kuti magalimoto a batire okhaokha sadzapitirira magawo 30 pa 100 a msika. Dalaivala wina wa ku Nsanje anati mkuluyo ayenera kuti anagonapo kuchigwa kuno. Anatikumbutsa za Ana, namondwe wa January 2022, amene anaononga Kapichira kwathu ku Chikwawa komweko n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, dziko lonse n'kukhala mumdima miyezimiyezi. "Foni yokha tinkakatchajitsa kwa a sola," anatero, "ndiye galimoto?"

Kenako anakwiya ndi Mayi Msungichuma, omwe nthawi zonse amati nkhani za injini siziwakhudza. Anali atangomva kumene kuti Starlet imene yakhala ikugulitsidwa kuno ku Africa kuyambira 2020 ndi Suzuki Baleno yopangidwa ku India, ndipo Vitz yatsopano ya 2023 ndi Suzuki Celerio, angosintha chizindikiro. Anati zili ngati kuthira thobwa la aneba m'chigubu chako n'kumauza alendo kuti waphika wekha. A Makaniko anati thobwalo likakhala lokoma palibe vuto, ndipo Suzuki pa magalimoto ang'onoang'ono si mwana. Apa m'pamene a Tcheya analankhula mawu amene apotozedwa aja. Sanalumbire chilichonse. Anangoti chisiyireni Toyota kupanga Mark X mu 2019 mtima wawo unazizira. Ena anadandaula za timapikapu ting'onoting'ono, poti Nissan inasiya kupanga NP200 ku Rosslyn, South Africa, mu 2024, pamene Hilux Champ, pikapu yotsika mtengo yomwe inatuluka ku Thailand mu 2023, ife tikungoionera pa foni. Wogula thonje kapena mbuzi ku Ngabu safuna sikirini yaikulu ndi mipando yachikopa, amafuna bodi, masipuling'i ndi matayala.

Mkulu wa anzathuwo, amene anali chete nthawi yonseyi, anadula mlandu. "Abale anga a ku Nchalo, inu mukulira V8, ife kuno timadya Sienta." Ine ndili kumbali yake. Palibe wa ife amene amagula galimoto m'shopu, kupatula Alamu, ndipo mwamva kale zomwe zinawachitikira. Zomwe Japan ikugulitsa lero ndi zimene zidzatsike pa doko la Dar es Salaam zaka zikubwerazi zitatopa kale, n'kudzayamba ntchito ya taxi pakati pa Bangula ndi Marka. Sienta inayamba kutuluka ya hybrid mu 2015, Probox mu 2018, ndipo giya za CVT, zomwe zimafuna mafuta akeake, zadzaza kale m'misewu yathu, anyamata n'kumazithira mafuta a otomatiki wamba. Wopanga galimoto ku Aichi, kwawo kwa Toyota ku Japan, sakuganiza za makande a kuchigwa, ndipo sadzayamba mawa. Pa gulu lathu lonse palibe amene ali ndi kompyuta yoyezera galimoto, pamene anzathu a ku Nsanje anasonkherana n'kugula yawo. Ndapempha a Tcheya kuti nkhaniyi ikhale yoyamba pa ajenda, isanafike ya mayunifomu.

Tikuthokoza anzathu a ku Nsanje chifukwa cha malo ogona, chakudya, ndi kudekha kwawo. Takhuta kwambiri. Tikuthokoza amayi amene anaphika, makamaka a makakana, ndi amuna awo chifukwa chomvetsa. Zikomo Madala potitsogolera ndi liwiro lomwe linatipatsa mpata wowerenga mitengo ya malambe yonse ya m'njira. Zikomo a Makaniko, Aphunzitsi ndi nsapato zawo, amayi a pachitsime ndi khasu lawo, ndi mwana wa ngolo. Zikomonso akazi athu ndi amuna athu amene anatilola kupita, ngakhale ena anapeza geti lokhoma pobwera.

Anzathuwa adzabwezera ulendo mvula ikatha, ndipo apempha kukaona Majete ndi mathithi a Kapichira. Amene simunamalize chopereka cha ulendowu muonane ndi Mayi Msungichuma msonkhano usanafike. Lamba wokokera abwezedwe ku bokosi la gulu. Alamu apempha kuti dzina loti "Atsibweni" lithe, ndipo komiti yalandira pempholo, idzaliona ikadzapeza nthawi.